Nkhope yotuluka m'madzi: mafunso ndi mayankho pa mathero a Apocalypse Now

Amene anakulira m'tinyumba toonetsera vidiyo amadziwa mmene filimu ya nkhondo imathera: mfuti zilira, msasa wa adani usanduka phulusa, ngwazi ikwera helikopita ulendo wa kwawo. Apocalypse Now, imene Francis Ford Coppola anatulutsa mu 1979, imayamba ngati ikulowera komweko, koma ikayandikira kumapeto phokoso limazilala. Chotsala ndi kachisi wamiyala m'mbali mwa mtsinje, mdima, nkhope zopaka utoto ndi njati yoyembekeza chikwanje. Filimuyi inapata mphoto yaikulu ya ku Cannes chaka chomwecho, mogawana ndi The Tin Drum ya ku Germany, ndipo mpaka lero oonera akadakangana kuti mathero akewo akunena chiyani.

Nkhani imakhala itafika pati mathero akamayamba?

Ndi mu 1969, nkhondo ya ku Vietnam ili mkati. Kaputeni Benjamin Willard, mbali imene anatenga Martin Sheen, watumidwa mwachinsinsi kukapha msilikali mnzake wa ku America, Colonel Walter Kurtz. Kurtz anali msilikali wa mbiri yabwino, woti maudindo akuluakulu ankamudikira. Koma analamula kuti anthu anayi a ku Vietnam amene ankawaganizira ukazitape aphedwe, kenako anaolokera ku Cambodia n'kuyamba nkhondo yakeyake ndi gulu la anthu a kumapiri omwe amamupembedza ngati mulungu.

Willard akwera mtsinje pa kabwato ka asilikali pamodzi ndi anyamata anayi. Pofika kwa Kurtz n'kuti awiri atatsala m'njira: Clean, wa zaka 17, anaomberedwa akumvera tepi ya uthenga wa mayi ake, ndipo Chief, woyendetsa bwato, analasidwa ndi mkondo. Afika atatu: Willard, Chef wophika wa ku New Orleans, ndi Lance, mnyamata wa ku California wokonda kusewera pa mafunde a nyanja.

N'chifukwa chiyani msilikali wamkulu chotere akukhala m'kachisi wogumuka, osati mu msasa?

Yankho lili mu ulendo wa pa mtsinjewo. Mtsinje wa Nung sumapezeka pa mapu, ndi wopeka, ndipo anaupeka ndi cholinga. Kumunsi kwake kuli nkhondo yamakono: mahelikopita, mabomba a moto, mowa wozizira, zisudzo za atsikana ovina. Bwato likamakwera, zinthu zimenezi zimathothoka chimodzichimodzi. Pa mlatho wa Do Lung Willard afunafuna wolamula koma samupeza. Akapitirira pamenepo zipolopolo zimasanduka mivi ndi mikondo, kenako nkhungu iphimba zonse. Bwatoli likubwerera m'mbuyo m'nthawi, ndipo kachisi ndiye mathero a njirayo, malo amene malamulo a asilikali, makalata a ku likulu ndi mayunifolomu zilibenso mawu.

Pofika pagombe, mabwato a anthu odzipaka zoyera thupi lonse ali ndandanda pamadzi, onse chete. Apatuka pang'onopang'ono kuti alendowo adutse, kenako atsekanso kumbuyo kwawo, ngati chitseko. Mitembo ikulendewera m'mitengo, mitu ya anthu ili mbwee pa masitepe, ana akusewera pakati pake ngati palibe chachilendo. Chimene chimaopsa kwambiri si mitemboyo, koma kuti palibe akuiyang'ana.

Zambiri mwa izi zinachokera m'buku la Joseph Conrad, Heart of Darkness, limene linayamba kusindikizidwa m'magazini mu 1899. Conrad anayendapo pa mtsinje wa Congo mu 1890, nthawi ya Mfumu Leopold II ya ku Belgium, ndipo Kurtz wa m'buku lake ndi wosonkhanitsa minyanga ya njovu amene anazunguliza nyumba yake ndi mitu ya anthu pa mitengo. Olemba filimuyi, John Milius ndi Coppola, anasamutsa nkhaniyo kuchoka ku Congo kupita ku Asia. Pano Chichewa chili ndi mwayi umene Chingerezi chilibe: mawu oti mtsamunda, amene ena amatchulira msilikali wa udindo wa Kurtz, ndi omwenso amanenera mzungu wolanda dziko la eni. Kurtz wa m'filimu ndi zonse ziwiri.

Kachisiyo alikodi?

Ayi. Anamangidwa ndi gulu la Dean Tavoularis pafupi ndi Pagsanjan ku Philippines, motengera akachisi akale a ku Angkor ku Cambodia, pamodzi ndi nkhope zikuluzikulu zosemedwa pamwala. Kujambula kunayamba mu Malichi 1976 ndipo kunatenga masiku 238. Namondwe wotchedwa Olga anagwetsa zomanga zambiri, Sheen anadwala mtima mu 1977 ali ndi zaka 36, ndipo Coppola anaika chuma chake pachiswe kuti ntchito isaime. Ina mwa mitu yodulidwa ija inali ya anthu amoyo, okhala m'mabokosi okwiriridwa pansi, mutu wokha uli kunja, akupirira dzuwa kuyambira m'mawa.

Nanga bwanji Marlon Brando, amene anatenga mbali ya Kurtz, saoneka bwinobwino? Kodi magetsi anali ochepa?

Magetsi analipo. Vuto linali thupi. Kurtz wa Conrad ndi munthu wowonda, wotha ndi matenda, pamene Brando anafika ku Philippines atanenepa kwambiri, moti yunifolomu ya msilikali wa m'nkhalango sikanamukhala. Patapita masiku akukambirana ndi Coppola, anameta mpala. Anamuveka zakuda, pa zithunzi zina zojambulidwa patali anagwiritsa ntchito munthu wina wamtali, ndipo wojambula Vittorio Storaro anaganiza zomubisa mumdima n'kumangounikira pang'ono.

Chimene chinayamba ngati kubisa manyazi chinasanduka chida champhamvu kuposa zonse m'chigawochi. Willard akamulowetsa koyamba atagwada, Kurtz ali gone m'chipinda chamdima. Chimayamba kumveka ndi mawu. Kenako dzanja litunga madzi m'mbale n'kusisita pamutu, ndipo kuwala kofiirira kugwira mbali imodzi ya mpalawo, kuoneka ngati mwezi wongokhala kumene. Nkhope ituluka theka, ibwerera, itulukanso. Woonera amakakamizika kumalizitsa yekha gawo lotsalalo m'mutu mwake, ndipo chimene munthu amadzijambulira mumdima chimaposa chilichonse chimene wopaka utoto angapange. Storaro analandira mphoto ya Oscar pa ntchito imeneyi. Oscar ina ya filimuyi inapita kwa okonza mawu ndi phokoso, mmodzi wa iwo Walter Murch.

Utoto wa kumaso ukutanthauza chiyani? Si kuti asilikali onse amadzipaka kuti abisale?

Amadzipakadi, ndipo filimu imayambira pomwepo. Woyamba kudzipaka zobiriwira pa bwato ndi Lance. Chief atamufunsa chifukwa chake, mnyamatayo akuti n'cholinga choti adani asamuone. Koma bwato lili poyera pakati pa mtsinje, injini ikulira, ndiye akubisala kwa yani? Kuchokera pamenepo Lance amachepetsa kulankhula. Amwa mankhwala ozunguza bongo pa mlatho uja, asomeka muvi wothyoka kumutu, ndipo pofika kwa Kurtz wasiya zovala za usilikali n'kulowerera m'gulu ngati mbadwa ya pamenepo. Utotowo sunamubise kwa adani, unafufuta mnyamata wa ku California.

Wachiwiri ndi Kurtz. M'zithunzi zambiri nkhope yake ndi yopanda kanthu, akuwerenga ndakatulo kapena kusinkhasinkha. Koma usiku wina Willard ali womangidwa pamatope, Kurtz atulukira mumdima nkhope itapakidwa zobiriwira ndi zakuda. Salankhula. Angoponya mutu wa Chef pa miyendo ya Willard n'kubwerera. Chef anali atauzidwa kuti nthawi ikakwana Willard asanabwere, aitane ndege pa wailesi zidzaphulitse malowo. Choncho filimu yaphunzitsa woonera lamulo lake popanda kulitchula: Kurtz wowerenga mabuku ali ndi nkhope, Kurtz wakupha amavala ina.

Wachitatu ndi Willard, ndipo apa m'pamene pali chithunzi chimene anthu ambiri amakumbukira ngakhale ataiwala zina zonse. Usiku wa mwambo wopha njati, iye atsetsereka m'bwato kulowa m'madzi. Pamwamba pa madzi pali utsi ndi nkhungu. Pang'onopang'ono mutu utumphuka: tsitsi lonyowa, mphumi, kenako maso awiri oyera mbee pakati pa mizere yobiriwira ndi yakuda. Saphethira. Ulendo wonse Willard wakhala akuwerenga mafayilo a Kurtz, kudabwa naye, kuyamba kumumvetsa. Iye yemwe anaombera mayi wovulala pa ngalawa ya anthu wamba kuti ulendo usachedwe. Tsopano wavala nkhope imene Kurtz anavala popha Chef. Kutuluka m'madzi kumafanana ndi kubadwa kapena ubatizo, koma chobadwacho ndi Kurtz wachiwiri.

Woonera wa ku Dedza kapena ku Mchinji sangavutike kumva mfundo imeneyi. Gule akatulukira pabwalo atadzola matope kapena phulusa, palibe amafunsa dzina. Chimene chafika ndi chilombo, ndipo chimachita zimene munthu wamba sangachite. Kusiyana kwake n'kwakukulu ndithu: gule ali ndi mwambo, ali ndi akuluakulu omuyang'anira, ali ndi nthawi yobwera ndi yobwerera. Utoto wa kwa Kurtz ulibe wouletsa, ndipo filimu sisonyeza aliyense akuusamba. Willard amachoka pamalopo nkhope idakali yakuda ndi matope ndi magazi.

Nanga njati ija ikuphedwa nthawi imodzi ndi Kurtz, inali m'nkhani kuyambira pachiyambi?

Sinalimo. Coppola anafika ku Philippines alibe mathero omukhutiritsa. Zolemba za Milius zinkathera pa nkhondo yaikulu, Kurtz akumenyana mpaka kufa, ndipo Coppola ankaona kuti mathero otere asandutsa filimu yonse kukhala ngati zinzake. Yankho linabwera ndi anthu a mtundu wa Ifugao, a kumapiri a kumpoto kwa chilumba cha Luzon, amene anawabweretsa kuti akhale anthu a Kurtz ndipo ankagona pamalo pomwepo. Tsiku lina iwo anachita mwambo wawo wopha njati yoweta. Mkazi wa Coppola, Eleanor, amene ankajambula mmene ntchito ikuyendera, anaona mwambowo n'kukaitana mwamuna wake. Zimene Eleanor anajambula zinadzatuluka mu 1991 m'filimu ya Hearts of Darkness: A Filmmaker's Apocalypse.

Njati imene ikuoneka ikugwa m'filimu inaphedwadi. Bungwe loona za nyama la American Humane Association linadzudzula filimuyi pa chifukwa chimenechi, ndipo oonera ena mpaka pano amatembenukira kumbali chikwanje chikatsika.

Luso lili pa kalumikizidwe ka zithunzi. Chikwanje chigwa pa khosi la njati kunja, chigwa pa Kurtz m'kati. Njati igwada, Kurtz adzandira. Nyimbo ya The Doors yotchedwa The End, imene inatsegula filimu, yabwereranso. Palibe amene akunena kuti Kurtz ndi nsembe, koma diso limagwirizanitsa lokha. Njira imeneyi si ya Coppola: Sergei Eisenstein wa ku Russia anaigwiritsa ntchito mu 1925 m'filimu ya Strike, pamene anasakaniza kuphedwa kwa ng'ombe ndi kuphedwa kwa antchito onyanyala. Kwa Eisenstein mfundo inali yoti anthu akuphedwa ngati ziweto. Kwa Coppola ndi ina: nyama ya nsembe simenyana, ndipo Kurtz nayenso sadziteteza. Anamumasula yekha Willard, kumusiya aziyendayenda, n'kumupempha kuti akafotokozere mwana wake zoona zake. Wasankha yekha womupha.

Pali umboni wanji kuti Coppola ankaganizadi za nsembe, osati kungokometsa chithunzi?

Umboni uli pa tebulo la Kurtz. Kamera imadutsa pa mabuku ake mwachidule, ndipo awiri mwa iwo ndi The Golden Bough la James Frazer, limene linayamba kutuluka mu 1890, ndi From Ritual to Romance la Jessie Weston la mu 1920. Buku la Frazer limayamba ndi nkhani ya wansembe wa m'nkhalango ya ku Nemi, pafupi ndi Rome, amene ankatchedwa mfumu. Munthu ankalowa ufumu umenewo pomupha amene alipo, ndipo naye ankadikira tsiku lake. Frazer anatambasula mfundo yoti m'zikhulupiriro zambiri zakale mphamvu za mfumu ndi moyo wa dziko n'zolumikizana, choncho mfumu ikafooka iyenera kuchotsedwa dziko lisanafooke nayo. Kurtz wa m'filimu ndi wodwala, ndipo dziko lake lanunkha mitembo.

Mabuku awiri omwewa ndi amene T. S. Eliot anawatchula kuti anamuthandiza polemba ndakatulo yake ya The Waste Land, ndipo ndakatulo imene Kurtz akuwerenga mokweza ndi ya Eliot yemweyo, The Hollow Men ya mu 1925, yomwe mawu ake otsegulira anatengedwa m'buku la Conrad lonena za imfa ya Kurtz. Munthu akuwerenga ndakatulo yolengeza maliro ake omwe. Kunena zoona, pamenepa Coppola analemetsa dzanja. Kuonetsa mitu ya mabuku kuli ngati mphunzitsi wolemba mayankho pa bolodi mayeso ali mkati. Chigawochi chikanaima ngakhale popanda mabukuwo.

Ngati wopha mfumu amalowa ufumu, bwanji Willard sakhala?

Filimu imamupatsa mpata wonse. Kurtz atatsirizika, akunong'ona kawiri mawu amodzi onena za zoopsa zimene waona, Willard apeza mulu wa mapepala amene Kurtz ankalemba. Pa tsamba lina pali mawu ofiira olembedwa pamanja, olamula kuti bomba liponyedwe onse atheretu. Willard akhala kanthawi pa mpando wa pa tebulopo. Kenako atuluka n'kuima pamwamba pa masitepe, mapepala m'dzanja limodzi, chikwanje m'dzanja lina. Khamu lonse ligwada.

Iye aponya chikwanje pansi. Akamatsika, anthu nawonso atula zida zawo. Chithunzichi n'chokoma, koma chili ndi mbola: akutula zida chifukwa mfumu yatsopano yatula, kutanthauza kuti akumumverabe. Willard adutsa pakati pawo, agwira Lance padzanja ngati mwana wosochera pamsika, n'kupita naye ku bwato. Wailesi iyamba kuitana, asilikali akufuna kumva ngati ndege zibwere. Iye aitseka. Wakana mpando wa Kurtz, wakananso kuyankha amene anamutuma, ndipo chimene wanyamula kupita nacho kwawo ndi mawu a munthu amene wamupha.

Chithunzi chotsiriza chimasanjikiza nkhope ya Willard ndi nkhope yamwala ya pa kachisi, mpaka ziwirizo zitayandikana. Amene ali tcheru amakumbukira kuti nkhope yamwala yomweyo inaonekera koyambirira, Willard ali gone chagada m'chipinda cha hotela ku Saigon, nkhope yake itajambulidwa chadodolido pansi pa fani yozungulira ngati mapiko a helikopita. Mwalawo unkamudikira asanalandire n'komwe ntchitoyo.

Koma ena amati anaona kachisi akuphulika pamapeto. Akunama?

Sakunama. Zojambula zitatha, zomangazo zinayenera kuchotsedwa, ndipo Coppola anaziphulitsa makamera akujambula. Filimu itayamba kuonetsedwa mu Ogasiti 1979 pa makope a 70mm inalibe mayina kumapeto, oonera ankapatsidwa kabuku. Pa makope a 35mm, amene anafika m'malo ambiri, mayina anaikidwa pamwamba pa zithunzi za kuphulikako. Anthu anatuluka akukhulupirira kuti Willard anaitana ndege n'kupha onse amene anangomugwadira. Coppola ataona kuti tanthauzo latembenuka, anachotsa zithunzizo n'kuika mayina pa mdima wopanda kanthu. Makope otsatira, Redux ya mu 2001 imene inawonjezera mphindi 49 ndi Final Cut ya mu 2019, alibe kuphulikako.

Anthu ogwadawo ndani? Filimu imawauza oonera chilichonse za iwo?

Pafupifupi palibe, ndipo apa m'pamene mathero okongolawa amatsimphina. Mu 1975, chaka chimodzi Coppola asanayambe kujambula, Chinua Achebe anakamba nkhani pa yunivesite ya Massachusetts ku Amherst yodzudzula Heart of Darkness. Dandaulo lake linali loti Conrad anasandutsa Africa kukhala bwalo chabe lochitikirapo misala ya mzungu mmodzi, Aafirika enieniwo n'kuwalanda chilankhulo ndi umunthu. Dandaulo lomwelo limaikwana filimuyi ngati malaya osokedwa pa muyezo. Willard, Kurtz ndi Lance akadzipaka, utotowo umanena za kusintha kwa mumtima mwawo, chifukwa woonera anaidziwa nkhope ya pansi pake. Anthu a m'mabwato aja amafika atapakidwa kale. Alibe dzina, alibe mawu, ndipo palibe pamene filimu imafunsa chifukwa chimene anthu okhala ndi miyambo yawo angapembedzere mlendo amene wadzaza mudzi wawo ndi mitu ya anthu.

Ngakhale mwambo wa njati uli ndi vuto lomweli. Unali wa Aifugao a ku Philippines, wokhala ndi tanthauzo lake kwa eni ake, koma m'filimu waikidwa ku Cambodia, m'manja mwa anthu a kumapiri a ku Vietnam, kuti ufotokoze imfa ya Mmereka. Mitundu itatu yosiyana yaphatikizidwa kukhala khamu limodzi la kumbuyo.

Wolemba Viet Thanh Nguyen, amene anabadwira ku Vietnam n'kukulira ku America, anayankha ndi buku la The Sympathizer la mu 2015, lomwe linapata mphoto ya Pulitzer mu 2016. M'bukumo mtengambali wamkulu alembedwa ntchito yolangiza katswiri wina wodzikuza amene akujambula filimu ya nkhondo ya ku Vietnam ku Philippines, ndipo nkhondo yake yaikulu ndi yoti anthu a ku Vietnam apatsidweko mawu oti alankhule. Amapambana pang'ono chabe: mbali zochepa zolankhula zimapezeka, koma zimaperekedwa kwa osewera a mitundu ina ya ku Asia, othawa nkhondo enieni a ku Vietnam n'kutsala pa ntchito yodzaza khamu ndi kugona pansi ngati mitembo.